Vinyo wa Mayi Wodulidwa

Achimwene anga a Frazer anafika pakhomo pathu Lachiwiri m'mawa, malaya awo oyera ali mawanga ofiirira kuyambira pakolala mpaka pamimba. Ine ndinali m'chigafa ndikusankha fodya, ndipo nditawaona ndinaganiza kuti agwa pa njinga. Koma munthu wogwa pa njinga sanunkha zipatso zosasa.

"Amosi, alamu alipo?" anandifunsa, maso ali kumbali.

Ndinaika tsamba pansi. Panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi achimwenewa osafunsapo za mkazi wanga Lusiya. Chaka chimene matalala anang'amba fodya wathu yense kuno kwa Chamama, Lusiya anafulula masese miyezi inayi kuti mwana wathu Thoko ndi mng'ono wake asasiye sukulu. Amene anatengera nkhaniyo kwa akulu a mpingo ndi a Frazer omwewa, mkulu wa mpingo wosaseka ndi munthu, ndipo Lusiya anadulidwa. Mowa anausiya chaka chomwecho, kalasi ya odulidwa analowa, koma dzina lake litabwera kawiri kuti abwezedwe, achimwene ankati fungo la chimera silinachoke pakhomo pathu. Chinali chimera cha thobwa, aliyense ankadziwa. Choncho tsiku lililonse la Mgonero, abusa akanena kuti osadya atuluke, mkazi wanga ankanyamuka pamodzi ndi ana n'kukaima panja. Ine ndinkatsala m'katimo, mtima ukundiwawa.

Lusiya anatuluka m'nyumba, anayala mkeka chapatali pang'ono, n'kupereka moni monga kuyenera kwa mlamu wamkulu. Mawangawo anawaona, koma sanafunse. Achimwene anakhosomola kawiri asanayambe.

Nkhani yake inali yotere. Abusa amabwera ku tchalitchi chathu kamodzi pa miyezi itatu kudzadyetsa Mgonero, ndipo wopeza vinyo kuyambira kale ndi a Frazer. Ulendo uno anazungulira masitolo onse pa Kasungu, vinyo osamupeza. Mwana wawo Ronald, amene amaphika mu hotela ku Lilongwe, anawatumizira zitini khumi za juwisi wa mphesa woundana, wolimba gwa, ndi uthenga wa pafoni wakuti athire madzi, shuga ndi yisiti, adikire, vinyo apsa yekha. Zitinizo achimwene anakasungitsa mu firiji ya kugolosale kwa Mayi Zubeida. Anatengako zinayi n'kuzisungunula monga tisungunulira Sobo pa ukwati, madzi ndowa yathunthu, kuti akwanire aliyense. Anakhuthulira paketi yonse ya yisiti, anadzaza mabotolo a pulasitiki mpaka m'khosi, kenaka zivindikiro anamanga ndi pulayazi. Musawaseke kwambiri, ife alimi a fodya tinabadwa choncho. Chinthu chikathina ndiye timati chakhala bwino, belo timalipsinja ndi jeke mpaka chiguduli chilire. Mabotolowo anawatsekera mu kabati ya mu vesitile ya kutchalitchi, pansi pa malata. M'mawa umenewo anapeza awiri ataphulika kale, nsalu ya pa gome imene amayi a mpingo anasoka itanyowa, ndipo lachitatu linawaphulikira m'manja.

"Zatsala zitini zisanu ndi chimodzi, ndipo abusa akubwera pakatha masabata asanu," anatero a Frazer. "Alamu, inu zinthu izi mumazidziwa."

"Zinthu ziti, alamu?" Lusiya anafunsa mofatsa.

Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Achimwene anapukuta thukuta ngakhale kunali kozizira.

"Zowiritsawiritsazi. Mukonze mwakachetechete. Ine ndili ndi mabotolo akale a vinyo, mapepala ake sanamatuke. Tidzathira m'menemo, palibe adzadziwe."

Lusiya anasalaza m'mphepete mwa mkeka ndi chala.

"Ndikonza," anatero. "Koma m'mabotolo anuwo ayi. Ndidzasenza ndekha, dzuwa likuswa mtengo, ndikapereke m'manja mwa abusa Loweruka pa seshoni ya akulu a mpingo."

"Loweruka limenelo dzina lanu likubweranso kachitatu. Akadzamva kuti mwafululanso, kwatha, simudzabwezedwanso."

"Ndamva, alamu. Mukauze Mayi Zubeida kuti ndibwera mawa."

Achimwene atachoka, tinakangana. Ndikuvomera kuti ine ndinali kumbali ya mabotolo akale. Ndinati mpata wapezeka, a Frazer tawagwira pakhosi, atiyankhulira bwino pa seshoni, nanga tidziponyerenji m'moto tokha?

"Bambo a Thoko," anandiyankha, "nthawi ija ndinkafulula masese sindinabisale, mbiya zinali pabwalo. Lero ndikukonzera gome la Ambuye ndiye ndiyambe kubisala? Ngati n'tchimo, andiuze pamaso. Ngati si tchimo, adziwe manja amene akonza."

Ndinabwerera ku fodya wanga. Mkazi ameneyu ndinamukwatira ndikudziwa kuti khosi lake silipindika, ndiye ndikanadandaula kwa yani?

Mawa lake tinapita kugolosale pa Chamama. Mayi Zubeida ndi Msilamu, ndipo iwo ndi Lusiya amadziwana kuyambira ali atsikana. Mayiwo anatsegula firiji, anatulutsa zitinizo zitayera ndi chisanu, n'kuzikulunga m'manyuzipepala.

"Achemwali, ine ndasunga juwisi," anatero akumwetulira. "Zimene mukachite naye kumeneko musandiuze. Koma shuga tengani woyera uyu, ndi yisiti wafika dzana, sanakhalitse."

Pobwerera ndinafuna kuonetsa kuti nanenso ndine munthu wothandiza. Ndinatulutsa chigubu changa chabwino chimene munali mankhwala a fodya, chotsukatsuka, ndi kapaipi ka sipuleya. Lusiya anandiyang'ana ngati ndamubweretsera njoka.

"Mukufuna mpingo wonse ugwe chagada ngati nsabwe za pa nazale? Chotsani zimenezo, mukasambenso m'manja ndi sopo."

Ndinapalasanso njinga kukagula zigubu ziwiri zatsopano za malita khumi ndi kapaipi koyera koonekera m'kati. Sindinang'ung'udze, poti zoona zinali zake.

Ntchito yake ndinaionerera yonse nditakhala pa mtondo. Zitini anaziika m'beseni pamthunzi mpaka zinasungunuka zokha, juwisi wake wakuda, wonanda ngati uchi. Madzi anawiritsa, n'kuwasiya kuti azizire atavindikira. Chigubu anachitsuka ndi madzi otentha katatu. Kenaka anayamba kuyeza ndi chitini chomwecho: chimodzi cha juwisi, zitatu za madzi, osapitirira ngakhale dontho. Ndinati bwanji awonjezere pang'ono, odya Mgonero kwathu amapitirira mazana awiri.

"Imeneyo ndiye inawagwetsa achimwene anu," anatero. "Uyu si Sobo woti ukamuchulukitsa madzi ana amamwabe. Mphesa ikachepa mphamvu, chotuluka ndi madzi osasa. Malita asanu ndi atatu akwanira, timakapu take ndi tating'ono."

Anasungunula shuga m'madzi ofunda, anathira, anakhutchumula chigubu, n'kulawa pa supuni. Anawonjezera shuga pang'ono, analawanso, anagwedeza mutu. Yisiti anatapa kasupuni kamodzi kokha, anamudzutsa m'kapu ya madzi ofunda mpaka anachita thovu. Asanathire anaima kaye.

"Apa ndiye malire," anatero. "Yisiti akalowa, ine sindilawanso. Ndinalonjeza pamaso pa mpingo kuti chowira sichidzakhudzanso lilime langa, ndipo sichinakhudze. Vinyo ameneyu ndidzamulawa pa gome la Ambuye, apo ayi sindidzamulawa konse."

Pamwamba pa chigubu anasiya mpata wokwana chikhatho. Anaboola chivindikiro ndi msomali wamoto, analowetsa kapaipi, anamata ndi phula la kandulo, mbali inayo anaimiza mu botolo la madzi. Anati mpweya wa m'kati uzituluka, wa kunja usalowe. Ndinaganiza za pulayazi ya achimwene, ndipo ndinawamvera chisoni pang'ono.

Tsiku lachiwiri botolo linayamba kulankhula, bwu, bwu, bwu. Unali mwezi wa Juni, mphepo ya m'dambo ikulowa mpaka m'mafupa, ndiye chigubu chinafunditsidwa bulangete langa labwino lija, ine n'kutsala ndi lakale. M'mawa uliwonse, ndisanapite ku chigafa, ndinkapeza Lusiya atagwada pambali pake akumvetsera. Ankadziwa ndi khutu ngati kwazizira kwambiri, n'kuchisunthira kufupi ndi khoma la kukhitchini. Ine ndakhala zaka makumi atatu ndikusankha fodya, ndimatha kusiyanitsa tsamba ndi tsamba nditatsinzina, ndipo ndinkadzitama nazo. Masiku amenewo ndinazindikira kuti m'nyumba mwanga muli mmisiri wondiposa, amene kwa zaka zisanu ndi chimodzi anapinda manja ake chifukwa anauzidwa kuti luso lake n'lonyansa.

Fungo silisunga chinsinsi. Sabata yachiwiri Mayi Gladness, oyandikana nawo nyumba, anabwera kudzapempha moto ngakhale utsi unali kufuka kukhitchini kwawo. Ananunkhiza uku ndi uku.

"Amake Thoko, mwayambiranso?"

"Lowani muone," Lusiya anatero, n'kuvundukula bulangete. "Ndi wa Mgonero. Mukawauze ndi anzanu kuchitsime, musawonjezere, musachotse."

Pofika madzulo nkhani inali itafika mpaka ku midzi ya kutsidya kwa dambo. Ena ankati n'chipongwe, mayi wodulidwa kukonza za pa gome loyera. Ena ankati a Frazer ndiwo ayenera kudulidwa. A Frazer eni ake anasiya kudutsa njira ya kwathu, ankazungulira kumunda kwa mtedza.

Patatha masabata atatu kuwira kunayamba kuchepa, kenaka kunaleka. Lusiya anaika chigubu pa tebulo masiku awiri kuti nsenga zidikhe, n'kukonzekera kusamutsira vinyo m'chigubu chinacho. Ine ndinadzipereka msanga kuti ndiyamwe kapaipi, poti vinyo sakwera yekha.

"Ndakuonani kale, bambo a Thoko," anatero. Anadzaza kapaipi ndi madzi owiritsa, anatseka ndi chala, anamiza mbali imodzi m'chigubu, ina anatsitsira pansi, vinyo n'kuyamba kuyenda popanda mlomo wa munthu. "Mudzalawa pamodzi ndi anzanu."

Anatapa pang'ono m'tambula n'kuyang'anitsa padzuwa. Anali wofiira modera, woonekera bwino m'kati mwake, wopanda chifunga. Ananunkhiza nthawi yaitali, n'kubwezera m'chigubu. Ndinafunsa ngati wakhala bwino. Anati mphuno ikuti inde, koma mphuno si lilime. Ndinaona kuti nayenso ali ndi mantha, ngakhale sananene.

Loweruka lija linafika. Lusiya anavala chitenje chake chatsopano, anakulunga chigubu m'nsalu yoyera yochapa bwino, n'kusenza. Njinga anaikana. Tinadutsa pachitsime pali amayi ambiri, tinadutsa pa chigafa cha a Duncan anyamata akudinda mabelo, aliyense anaimitsa ntchito. Iye ankangopereka moni uku ndi uku, khosi lili njo. Ine ndinali pambuyo, ndipo ndisaname, ndinkamva kukoma kuyenda pambuyo pa mkazi ameneyu.

Akulu a mpingo anali atakhala kale kutsogolo, abusa pakati. Ife okhala ndi nkhani tinali pa benchi la kumbuyo. Atatha mapemphero, abusa anafunsa, "A Frazer, za mawa zakonzeka? Vinyo wapezeka?"

Achimwene anaima, chikwama chawo chili m'manja. Asanayankhe, Lusiya ananyamuka, anayenda mpaka kutsogolo, anagwada n'kuika chigubu pansi.

"Vinyo ndi uyu, abusa. Ndakonza ndine, Lusiya, mkazi wa a Amosi. Ndi juwisi wa mphesa, madzi owiritsa, shuga ndi yisiti. Mulibe china."

A Duncan, mkulu wa mpingo amene amakonda malamulo kuposa ndiwo, anadzuka msanga.

"Abusa, mayi awa ndi amene tinawadula chifukwa cha mowa. Lero tinati tikambe zowabweza, ndiye taonani, umboni asenza okha pamutu. Ine ndikuona kuti nkhani yatha."

Ena anang'ung'udza movomereza. Abusa anatembenukira kwa achimwene. "A Frazer, ntchito iyi ndi yanu. Yafika bwanji m'manja mwa mayiwa?"

Achimwene akanatha kunena kuti sakudziwapo kanthu, ndipo mawu a mkulu wa mpingo amalemera kuposa a munthu wodulidwa. Anayang'ana pansi, anayang'ana Lusiya ali chigwadire. Kenaka anatsegula chikwama, anatulutsa mabotolo akale atatu opanda kanthu, n'kuwaimika pa gome.

"Awa ndinabwera nawo kuti ndikunamizeni," anatero. "Mpaka m'mawa uno ndimayembekeza kuti alamu asintha maganizo. Vinyo ndinamusowa, ndinayesa kukonza ndekha, ndinaononga zitini zinayi ndi nsalu ya amayi. Ndinapita ndine kukawapempha, n'kuwauza kuti tibise. Anakana. Ndipo kawiri konse kaja ndinkanena za fungo la chimera, ndinkadziwa kuti ndi thobwa."

Ine sindinaonepo achimwene atazyolika chotero chibadwire.

Abusa anafunsa Lusiya, "Mayi, pokonza munalawako kangati?"

"Yisiti atalowa, sindinalawe, abusa. Ngakhale amuna anga sindinawalole."

"Zoona zimenezo, ndinayesetsa," ndinayankhira kumbuyo ndisanaganize, ndipo ena anaseka.

A Duncan sanagonje. "Ndiye mukudziwa bwanji kuti simwatibweretsera viniga?"

"Sindikudziwa, bambo. Ndachita zonse zimene manja anga amadziwa. Mudzamva mawa."

Anatitulutsa kuti akambirane. Tinakhala panja kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka, mawu a a Duncan akumveka kukwera ndi kutsika. Lusiya anangokhala pa mwala, manja ali pa maondo. Chitseko chitatseguka anatuluka ndi a Frazer okha. Anafika pamene panali mlamu wawo, ananjuta, n'kupereka ndi manja awiri khadi ya Mgonero yolembedwa dzina lake. Iwo eni anali atauzidwa kuti mawa asagawe nawo, akhale pa benchi ngati wina aliyense, nkhani yawo idzakambidwa padera.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo, ena anabwera chifukwa cha mapemphero, ena chifukwa cha chigubu. Abusa atanena kuti osadya atuluke, ndinayang'ana kumbali ya amayi. Lusiya anayamba kunyamuka, thupi litazolowera, koma Mayi Gladness anamukoka chitenje, ndipo anakhalanso pansi.

Mkate unadutsa. Timakapu tinayambira kumbali yathu ya abambo. Ndinalandira kanga. Ndinamwa. Anali wosalala, wotsekemera pang'ono chabe, wofunditsa pakhosi, mphesa yake ikumveka bwinobwino. Ndinasuzumira a Duncan, amene anali kugawa mzere wathu ndipo anamwa pomaliza. Anameza, anatsinzina, n'kukhala choncho nthawi yotalikirapo kuposa mmene pemphero limafunira. Mulungu andikhululukire, pa nthawi yoyera ngati imeneyo mtima wanga unadzaza matama.

Thireyi inafika pa mzere wa Lusiya. Anatenga kakapu ndi manja awiri, anakayang'ana kanthawi, n'kumwa pang'onopang'ono. Sanaweramitse mutu msanga ngati anzake. Anakhala tsonga, maso ali kutsogolo, milomo ili yotseka.

Potuluka anthu anamuunjirira, amayi akumugwira manja, abusa akuthokoza, ngakhale a Duncan anadutsa n'kunena kuti, "Mwagwira ntchito, mayi." Iye ankangoti zikomo. Tinayenda mpaka kupitirira chitsime. Titatsala awiri m'njira ya pakati pa minda, ndinalephera kupirira.

"Nanga amake Thoko, mwamumva bwanji?"

Anaima. Misozi inali ikutsika mpaka pachibwano, ndipo sanaipukute.

"Akanakhala sabata ina imodzi akanakoma kuposa apa," anatero. "Koma ndi vinyo, bambo a Thoko. Ndipo ndamwera m'katimo."